Moto, Mafunde ndi Lamulo: Luso Losintha Wailesi ndi Kanema ku Chamama

Chiyambi

Chamama ndi malo a malonda amene ali kum'maŵa kwa boma la Kasungu, m'dera la Mfumu Wimbe, pakati pa minda ya fodya ndi chimanga. Msika wa fodya ukatsegulidwa, mabelo n'kuyamba kupita ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndalama zimaloŵa m'midzi. Mwa katundu amene mlimi amathamangira kugula, pambali pa malata, njinga ndi feteleza, pamakhala wailesi, masipika, batire la galimoto, sola ndi wailesi ya kanema, imene m'nkhani ino tizingoitcha kanema. Vuto n'lakuti zipangizo zimenezi adazipangira nyumba za mtundu wina: zokhala ndi magetsi usana ndi usiku, zoyandikana ndi nsanja zoulutsira mawu, ndiponso zoyandikira sitolo ya zipangizo zosinthira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse m'Malaŵi ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi, ndipo kumidzi chiŵerengerocho chidali chotsika koposa. Choncho chipangizo chikafika pamudzi, pamafunika munthu woti achisinthe kuti chigwirizane ndi moyo wa pamudzipo.

Anthu otere alipo pamalo alionse a malonda. Ena ali ndi kathebulo pakhonde la sitolo pamene aunjikapo mawailesi akufa. Ena ndi ana asukulu ongokonda kumasula zinthu kuti aone za m'kati. Ambiri sadaphunzire ntchitoyi m'kalasi ayi, koma adaidziŵa poyesa ndi poonera anzawo. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza zimene amisiri ameneŵa amachita, chifukwa chake zimatheka, ndi pamene pagona ngozi. Tiona kuti aliyense wofuna kuti wailesi kapena kanema azimumvera ayenera kudziŵa zinthu zitatu: moto umene chipangizo chimadya, mafunde amene chimakola, ndi lamulo limene chimalandira kuchokera kwa mwini wake. Tionanso kuti zipangizo zambiri zimapsa chifukwa liwu limodzi lasenza matanthauzo angapo amene mmisiri ayenera kuŵasiyanitsa.

1. Moto

Pa Chicheŵa cha tsiku ndi tsiku mphamvu ya magetsi timaitcha moto. Timati batire latha moto, waya uyu ali ndi moto, moto wachuluka. Liwuli ndi labwino ndipo lidakhazikika, koma m'kati mwake mwabisala zinthu zitatu zosiyana.

Choyamba ndi kukankha kwa moto, kumene timakuyeza m'mavoliti. Tiyerekeze ndi madzi a m'thanki: thanki likakhala pamwamba kwambiri, madzi amatuluka pampopi mwamphamvu, ndipo paipi yofooka imaphulika. Batire limodzi la tochi, limene ena amalitcha mwala, lili ndi mavoliti 1.5. Anayi otere akalumikizidwa mondondozana, mutu wa lina kugunda kunsi kwa linzake, amapereka mavoliti 6. Batire la galimoto lili ndi mavoliti 12, pamene magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali pa mavoliti 230. Wailesi ya miyala inayi ikalumikizidwa mwachindunji ku batire la galimoto imalandira kukankha koŵirikiza kaŵiri, ndipo ikhoza kulira mokweza kwa kanthaŵi kenaka n'kufuka utsi. Mmisiri wodziŵa amaika pakati kachipangizo kotsitsa mavoliti. Sola nayonso ili ndi khalidwe lake: imene imagulitsidwa ngati ya mavoliti 12, dzuŵa likamaswa mtengo imatha kutulutsa mavoliti 18 kapena kuposa. N'chifukwa chake pakati pa sola ndi batire pamafunika kabokosi koongolera katchajidwe, kupanda apo batire limaŵira madzi n'kufa msanga.

Chachiŵiri ndi kuchuluka kwa moto umene ukuyenda m'waya, kumene timakuyeza m'maampeya. Apa sitikunenanso za kutalika kwa thanki, koma za madzi amene akudutsa m'paipi. Chipangizo chabwinobwino chimatenga moto wokwanira ntchito yake basi. Koma mawaya aŵiri osenda akagundana, zimene amisiri amati kushota, moto umapeza njira yachidule, ndipo batire la galimoto likhoza kutulutsa maampeya mazanamazana nthaŵi imodzi. Waya amafiira ngati khala. M'nyumba yofolera udzu, kapena pafupi ndi chigafa chodzaza fodya wouma, zimenezi n'zokwanira kutha chuma cha chaka chonse. Mlonda wa ngozi imeneyi ndi fyuzi, kawaya kopyapyala kamene kadapangidwa kuti kazisungunuka msanga moto ukapyola muyeso. Fyuzi ikapsa, ena amaimanga ndi waya wa mkuŵa kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Wailesi imalira ndithu, koma tsiku lina chopsa sichidzakhalanso fyuzi.

Chachitatu ndi kayendedwe ka moto. Moto wa m'batire ndi wa sola umayenda molunjika mbali imodzi, ndipo pazipangizo amaulemba ndi zilembo DC. Moto wa ESCOM ndi wa dainamo ya njinga umapita ndi kubwerera, ndipo amaulemba AC; wa ESCOM umatero maulendo 50 pa sekondi imodzi. Tikhoza kuutcha woyambawo moto wolunjika, winawo moto wobwerezabwereza. Moto wolunjika uli ndi mbali ziŵiri zosati n'kuzisokoneza: ya chizindikiro cha mtanda, imene kaŵirikaŵiri imakhala ndi waya wofiira, ndi ya kamzere, ya waya wakuda. Kutembenuza mawaya ameneŵa kwapha mawailesi ambiri. Kachipangizo kotchedwa dayodi kamateteza ku vutoli, pakuti kamagwira ntchito ngati valavu ya chubu cha njinga, imene imalola mpweya kuloŵa koma osatuluka. Inveta ndiyo imasandutsa moto wolunjika wa mavoliti 12 kukhala wobwerezabwereza wa mavoliti 230, koma nayonso imadyako gawo la motowo. Amisiri ochenjera adazindikira kuti makanema aang'ono ndi madikoda ambiri m'kati mwawo amadya moto wolunjika wa mavoliti 12, choncho amaŵalumikiza ku batire popanda inveta, n'kuikapo fyuzi, ndipo batire limakhalitsa. Koma njirayi imayenera yekhayo amene wayamba waŵerenga zimene zalembedwa kumbuyo kwa chipangizocho, chifukwa zina zimadya mavoliti 5, zina 19. Paja safunsa adadya phula.

2. Chitsanzo cha ku Wimbe

Dera lomweli lidatulutsa mmisiri amene dzina lake lidamveka kunja kwa dziko lino. William Kamkwamba adabadwa mu 1987 ndipo adakulira m'mudzi wa Masitala, kufupi ndi malo a malonda a Wimbe. Asanadziŵike ndi makina a mphepo, iye ndi mbale wake wina ankamasula ndi kukonza mawailesi a anthu a m'mudzimo. Posoŵa chitsulo chootcherera, ankafiiritsa waya pamoto wa kukhitchini. Posoŵa ndalama za mabatire, ankatola otayidwa n'kuŵalumikiza kuti timoto totsalira tikwane kuyesera wailesi. Kusiyana kwa moto wolunjika ndi wobwerezabwereza adakuona ndi maso pamene ankayesa kuliza wailesi ndi dainamo ya njinga.

Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa kusekondale chifukwa cha kusoŵa fizi, adayamba kubwereka mabuku a sayansi mulaibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulaimale ya Wimbe. Mu 2002 adaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, pamwamba pake n'kumangirirapo fulemu ya njinga, fani ya thirakitala, mapiko a mapaipi a pulasitiki oongoledwa pamoto, ndi dainamo. Makinawo adayatsa mababu ndi kuliza wailesi. Pambuyo pake adaonjezapo batire la galimoto, dayodi yoongolera moto wa dainamo kuti uloŵe m'batiremo, maswichi opangidwa ndi masipoko a njinga ndi mphira wa patapata, ndiponso chodulira moto chopangidwa ndi misomali iŵiri yokulungidwa waya ndi maginito a m'sipika. Mbiri yakeyi idalembedwa m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind, limene adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer mu 2009, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor adaisandutsa filimu imene mbali yaikulu ya zolankhula zake ili m'Chicheŵa.

Kwa ife ofufuza za mawu, pali mfundo ina yofunika. Anthu atamufunsa chimene ankapanga, panalibe liwu la Chicheŵa lotchulira makinawo, ndipo iye adaŵatcha magetsi a mphepo. Sadabwereke liwu la Chingerezi ayi, koma adatchula chimene makinawo amapereka ndi kumene chimachokera, kotero kuti ngakhale agogo osadziŵa kuŵerenga adamva tanthauzo lake.

3. Mafunde

Chipangizo chikapeza moto, chimafuna uthenga woti chitulutse. Uthengawo umabwera pa mafunde osaoneka amene amathamanga liŵiro la kuŵala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Liwu lakuti mafunde tidalitenga kunyanja, ndipo likukwana bwino, pakuti mafunde a wailesi nawonso ali ndi utali wake, kuchokera pamsonga pa funde lina kufika pamsonga pa linzake. Nyumba zoulutsira mawu za FM zimagwiritsa ntchito manambala a pakati pa 87.5 ndi 108 amene timaŵaona pagalasi la wailesi. Pa nambala 100, funde limodzi limatalika mamita atatu.

Apa tisiyanitse mawu aŵiri amene ambiri amaŵaphatikiza. Mlongoti ndi mtengo, nsungwi kapena paipi yoimikidwa. Eriyo ndi chitsulo chokola mafunde chimene chimakhala pamwamba pa mlongotiwo. Ntchito ya mlongoti ndi kukweza, chifukwa mafunde a FM ndi a kanema amayenda pafupifupi molunjika ndipo mapiri, mitengo ndi nyumba zimaŵatchinga. Ntchito ya eriyo ndi kufanana muyeso ndi funde. Eriyo imakola bwino ikakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa funde, kapena theka lake. Choncho timitengo tiŵiri ta chitsulo, kalikonse kotalika masentimita 75, toikidwa moyang'ana kosiyana ndi kulumikizidwa ku mawaya aŵiri a chingwe chotsikira m'nyumba, timagwira FM kuposa waya wamtali woyalidwa padenga mwachisawawa. Waya wamtaliyo amathandiza pa mafunde aataliatali amene makolo ankamverapo MBC kuyambira 1964, FM isanafalikire.

Kanema wa dziko lino adayamba kuonetsa mu 1999 pa dzina la Television Malawi. Masiku amenewo mafunde akafooka chithunzi chinkadzaza timadontho ngati mchenga, koma munthu ankaonabe. Madikoda olandira kuchokera ku nsanja za pansi pano, monga Kiliye Kiliye, sachita choncho: chithunzi chimakhala choyera, apo ayi chimaima kapena kuzimiratu. Mafunde ake ndi aafupi, pafupifupi theka la mita, n'chifukwa chake eriyo ya kanema imakhala ndi timitengo tatifupi tondondozana, ndipo amisiri amatha kuipanga ndi masipoko kapena tizidutswa ta aluminiyamu. Iyenera kuloza kumene kuli nsanja. Dishi, monga ya DStv, imaloza setilaiti imene ili makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba. Ikasuntha pang'ono pokha chithunzi chimathaŵa, ndipo mvula yamphamvu imachidula. Chenjezo lalikulu pa zonsezi ndi mphezi ndi nthambo za magetsi. Mlongoti usaimikidwe pamene ungagwere nthambo za ESCOM, ndipo mvula ya mabingu ikayandikira, chingwe cha eriyo chizulidwe kuchipangizo.

4. Lamulo

Chinthu chachitatu ndicho kuuza chipangizo chochita munthu ali chikhalire. Njira yakale ndi yapafupi ya m'midzi ndi kudula waya mmodzi wochokera ku batire, kumutalikitsa mpaka pambali pa bedi, n'kuikapo swichi, kuti mwini wake azizimitsa wailesi osadzuka. Opanga makanema nawonso adayambira pomwepo. Mu 1950 kampani ya Zenith ya ku America idatulutsa cholamulira chokhala ndi chingwe, chotchedwa Lazy Bones. Mu 1955 Eugene Polley wa kampani yomweyo adapanga china chonga tochi, koma kuŵala kwa dzuŵa kunkasokoneza kanemayo. Mu 1956 Robert Adler adapanga chogwiritsa ntchito kulira kwa timitengo ta aluminiyamu, kulira kosamveka m'khutu la munthu. Kuyambira cha m'ma 1980 ndi pamene padafala limoti ya mtundu umene tili nawo lero.

Limoti imeneyi imalankhula ndi kuŵala. Kumutu kwake kuli kababu kotulutsa kuŵala kumene maso athu sangakuone, kotchedwa infrared. Munthu akadina batani, kababuko kamaphethira mofulumira, kaŵirikaŵiri maulendo pafupifupi 38,000 pa sekondi, ndipo kuphethirako kumadukizadukiza motsata dongosolo. Kadiso kamene kali kumaso kwa kanema kamaŵerenga dongosololo ngati nambala ziŵiri: ina yotchula chipangizo chimene chikuuzidwa, ina yotchula chochita, kaya kukweza mawu kapena kusintha siteshoni. Makampani sadagwirizane dongosolo limodzi. Philips idakonza lake lotchedwa RC-5, NEC lakenso, Sony lakenso. Ichi ndicho chifukwa chake limoti ya kanema wina siimveka kwa kanema wa mtundu wina, monga momwe munthu samvera chilankhulo chimene sadachiphunzire.

Wodziŵa zimenezi amatha kuchita zambiri ndi ndalama zochepa. Pofuna kudziŵa ngati limoti ili moyo, amailozetsa ku kamera ya foni n'kudina batani. Makamera a mafoni ambiri amaona kuŵala kumene ife sitiona, ndipo kababu kamaoneka kakuphethira pagalasi. Ngati sikakuphethira, amayamba wayang'ana mabatire ndi tizitsulo togwira mabatirewo, timene timachita dzimbiri batire likatsikira madzi. Ngati mabatani ena okha ndiwo afa, amatsegula limoti n'kupukuta fumbi ndi mafuta a m'manja. Kunsi kwa batani lililonse kuli kadontho kakuda kodutsa moto. Kakafufutika, amakapaka mtima wa pensulo kapena kumatapo kapepala konyezimira, ndipo batani limadzukanso. Chizoloŵezi chokulunga limoti m'pepala la pulasitiki loonekera chili ndi nzeru yake, pakuti chimatchinga fumbi koma kuŵala kumadutsa.

Limoti ikatayika, m'misika muli zina zodziŵa madongosolo ambiri, zimene munthu amaziphunzitsa mtundu wa kanema wake podina nambala yolembedwa pakapepala kake. Mafoni ena ali ndi kababu ka infrared ndipo amagwira ntchito yomweyo. Popeza kuŵalaku sikuboola khoma koma kumanjanja pakhoma loyera kapena pakalilole, ena amaika kalilole pakona kuti alamulire dikoda ili kuseri. Ena amachotsa kadiso ka dikoda n'kukatalikitsa ndi waya, dikodayo n'kuitsekera kuchipinda poopa akuba. Njira ina yofala ndi kutenga wailesi yakale ya kaseti, yokhala ndi masipika abwino, n'kuikamo kabolodi kotchipa koŵerenga nyimbo za pa memore khadi ndi kulandira Bluetooth, kamene kamabwera ndi limoti yakeyake. Ophunzira okhala ndi kompyuta amapitirira apo: pogwiritsa ntchito kabolodi ka Arduino, kamene kadayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, amakopera dongosolo la limoti iliyonse n'kulitumizanso pa nthaŵi imene afuna.

5. Malire a luso

Luso lili ndi malire amene lamulo la dziko lidaika. Kusintha chipangizo chako cholandirira si mlandu, koma kuulutsa mawu pa mafunde kumafuna chiphaso cha bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Mu 2009 Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, amene adapanga yekha nyumba youlutsira mawu yotchedwa Pachikweza ndi zipangizo za mawailesi akale, adamangidwa ndi kulipitsidwa K50,000 chifukwa chosoŵa chiphasocho, ngakhale Amalaŵi ambiri adayamikira nzeru zake. Kuchenjerera dikoda kuti ionetse zolipira popanda kulipira, ndi kukoka magetsi ku nthambo za ESCOM mwamseri, nayonso ndi milandu. Palinso malire a thupi: kanema wakale wa chimsana amasunga moto woopsa m'kati ngakhale atazimitsidwa, ndipo batire la galimoto likamatchajidwa limatulutsa mpweya wogwira moto, motero lisayandikane ndi koloboyi kapena mbaula.

6. Mawu ndi kalembedwe kake

Mawu amene tagwiritsa ntchito m'nkhaniyi abwera m'njira zitatu. Ena ndi akale amene tanthauzo lake lidakula, monga moto, mafunde, mwala ndi mlongoti. Ena ndi ofotokoza ntchito, monga magetsi a mphepo, chodulira moto ndi chimkuzamawu. Ena ndi obwereka amene adavala katchulidwe ka Chicheŵa, monga fyuzi, swichi, dikoda ndi dainamo. Njira zonsezi n'zovomerezeka, malinga liwu likhale ndi tanthauzo limodzi pantchitoyo.

Pa kalembedwe, lamulo lodziŵika n'lakuti r amatsata e kapena i, pamene l amalembedwa kumayambiriro kwa liwu ndi pambuyo pa a, o ndi u. Choncho tilembe limoti, sola, batire ndi eriyo. Liwu lakuti wailesi lidazoloŵereka ndi l kuyambira kale, ndipo talisiya momwemo. Muyeso wa kukankha kwa moto tikuulemba voliti, zambiri mavoliti, pofuna kuusiyanitsa ndi mavoti a pachisankho, amene ena amaŵatchula mofanana. Kumene liwu lobwereka silinakhazikike, monga infrared, ndi bwino kulisiya momwe lilili n'kulifotokoza kuti ndi kuŵala kosaoneka, kusiyana ndi kulipotoza mpaka mmisiri alephere kulizindikira akalipeza pachipangizo.

Pomaliza

Mlimi wa ku Chamama akagula kanema ndi ndalama za fodya, waikapo thukuta la miyezi yambiri, kuyambira kunazale mpaka kuchigafa. Chuma chimenechi chikhoza kutha m'kuphethira kwa diso ngati wolumikiza waya angofunsa kuti, kodi moto ulipo? Mafunso oyenera ndi atatu: mavoliti ake ndi angati, ndi wolunjika kapena wobwerezabwereza, nanga fyuzi ilipo? Mafunsoŵa sangafunsidwe ngati mawu ake palibe. Tikupempha aphunzitsi a sayansi, amisiri a pamalo a malonda ndi oŵerenga onse kuti azilemba mawu amene akumva pa ntchito imeneyi m'madera mwawo, pamodzi ndi ziganizo zoonetsa kagwiritsidwe ntchito kake, kuti mwana amene adzamasule wailesi maŵa adzapeze buku lomufotokozera za m'katimo m'chilankhulo chimene amaganizira.